Momwe mungakonzekerere matenda mu Lusaka kuti wodwala asatsale panyumba chifukwa cha ndalama

M'mabanja ambiri a mu Lusaka, munthu akadwala usiku, anthu amayamba kuwerenga ndalama asanamufunse n'komwe pamene pakumupweteka. Wina amayang'ana m'foni kuti aone ngati mu Airtel Money kapena mu MoMo mwatsala kanthu, wina amaganiza zokagogoda kwa wobwereketsa kaloba, ndipo wodwalayo, pomva manong'onong'o amenewa, amadzilimbitsa mtima n'kunena kuti, "Musavutike, tione mawa." Mawu amenewa ndimawaopa kuposa matenda ambiri, chifukwa malungo amene akanatha ndi mapiritsi a masiku atatu amakula mpaka kugoneka munthu m'chipatala, ndipo chilonda cha munthu wa shuga chimene chikanatsukidwa ku kiliniki chimafika podulitsa mwendo.

Malangizo awa ndalembera munthu amene banja limamudalira pa nthawi ya matenda, kaya ndi amene ali pa ntchito ya malipiro a pamwezi, kaya ndi mayi wogulitsa pa Soweto amene amaperekeza aliyense ku chipatala. Ndifotokoza zimene mungachite lero, pamene m'nyumba mulibe wodwala, ndipo sindibisa maganizo anga akuti chithandizo cha chipatala chiyenera kufikira munthu aliyense mosayang'ana za m'thumba mwake. Zinthu ziwirizi zimayendera limodzi, pakuti munthu amene sakhulupirira kuti akuyenera kuthandizidwa safunsa mafunso akafika pa windo la chipatala, amangobwerera kunyumba mwakachetechete.

Dziwani zimene simuyenera kulipira

Anthu ambiri achikulire amakumbukirabe zaka zimene kulowa pa kiliniki kunkafuna ndalama, ndipo mantha amenewo anawakhalira mpaka lero. Pa nthawi ya a Kenneth Kaunda chithandizo m'zipatala za boma chinali chaulere. Malipiro anayamba mu 1993, mu ulamuliro wa a Frederick Chiluba, pamene dziko linkasintha kayendetsedwe ka chuma. Mu Epulo 2006 boma la a Levy Mwanawasa linachotsa malipirowa m'maboma akumidzi, mu 2007 linawonjezera madera oyandikana ndi matauni, ndipo mu Janyuwale 2012, mu ulamuliro wa a Michael Sata, anachotsedwa pa chithandizo choyambirira m'dziko lonse, kuphatikizapo m'makiliniki a m'makomboni a mu Lusaka. Choncho kuonana ndi namwino kapena dokotala pa kiliniki ya boma, kupita ku sikelo ya amayi apakati, kubayitsa ana katemera, kulandira mankhwala a TB ndi ma ARV, zonsezi sizifuna kuti mutulutse ndalama. Auzeni agogo ndi azakhali a m'nyumba mwanu zimenezi momveka bwino, chifukwa iwo ndi amene amabisa matenda poopa kulemetsa ana awo.

Ngati wina pa chipatala cha boma akupemphani ndalama, funsani mwaulemu kuti ndi za chiyani, ndipo nenani kuti mufuna risiti ya boma. Pali zinthu zina, makamaka m'zipatala zikuluzikulu ndi m'mawodi olipira, zimene zili ndi mitengo yovomerezeka, ndipo zimenezo zimalipiridwa pa windo la ndalama, osati m'manja mwa munthu pakhonde. Ndalama imene ilibe risiti musaipereke.

Komabe ndinganame nditanena kuti chithandizo chaulere sichidya ndalama. Pamafunika ya minibasi kapena takisi ya usiku, chakudya cha wodwazika matenda, ndiponso tsiku lathunthu limene kantemba kamakhala kotseka. Chowawa koposa ndi kapepala kamene munthu amapatsidwa akauzidwa kuti mankhwala atha, akagule yekha ku famase. Amalume anga anali ndi BP, ndipo miyezi ingapo yotsatizana ankabwerako ku kiliniki ina ndi kapepala m'malo mwa mapiritsi. Poti sankamva kupweteka kulikonse, ndalama ya mankhwalayo ankagulira ufa, osauza aliyense, mpaka tsiku limene anagwa pabwalo mbali imodzi ya thupi itafa. Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense kuti akhale ndi kandalama kapadera ka matenda, ngakhale kochepa, kosungidwa ndi munthu mmodzi wodalirika, ndiponso kuti wina m'banja azifunsa mwezi uliwonse ngati odwala BP, shuga, khunyu kapena mphumu alidi ndi mankhwala m'manja. Musakhutire ndi yankho lakuti "ndili bwino", pemphani kuti akuonetseni paketi.

Yambirani pansi pa makwerero

Chithandizo cha boma chinakonzedwa ngati makwerero. Poyambira ndi pa kiliniki ya m'dera lanu. Matenda akaposa mphamvu za kiliniki, mumatumizidwa ku zipatala za gawo loyamba, zimene mu Lusaka zili ku Kanyama, Chawama, Matero, Chilenje ndi ku komboni ya Chipata. Pamwamba pake pali Levy Mwanawasa University Teaching Hospital ndi UTH, ndipo matenda a khansa ali ndi chipatala chakechake, Cancer Diseases Hospital, chimene chinamangidwa pafupi ndi UTH, pamene matenda a maganizo amaonedwa ku Chainama. Munthu akalumpha makwerero n'kupita yekha ku chipatala chachikulu ndi chifuwa wamba, angathe kubwezedwa kapena kulipitsidwa ndalama ya kulumphako, ndiponso amatalikitsa mzere wa anthu amene alibe kwina kopita. Kalata yotumizira wodwala muisunge ngati chitupa, ndipo muijambule pa foni isananyowe kapena kutayika.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri kwa ife amene tili ndi abale ku Katete, Petauke, Chadiza kapena Lundazi. Wachibale akadwala kumudzi, mtima umatiuza kuti timukweze basi abwere ku Lusaka kumene kuli madokotala akuluakulu. Musanatumize ya basi, muuzeni ayambe waonedwa kumene ali, kaya ku chipatala cha boma lakwawo, ku St Francis ku Katete kapena ku Chipata Central, ndipo ngati akumutumiza kuno abwere ndi kalata, zotsatira za magazi, zithunzi za ekiselo ndi mapaketi a mankhwala amene wakhala akumwa. Wobwera chimanjamanja amayambiranso pansi, ndipo masabata amatha ali pa mkeka m'nyumba mwanu.

Pa ngozi yeniyeni musadikire kalata. Mayi wapakati akayamba kutaya magazi kapena kumva mutu waukulu ndi kuona zinthu mwachimbuuzi, mwana akakomoka kapena kulephera kuyamwa, munthu akamabanika, akamva kupweteka kwambiri pachifuwa, pakamwa pake pakapotoka mwadzidzidzi, kapena akamatsekula m'mimba madzi okhaokha osalekeza, pitani naye ku chipatala chapafupi nthawi yomweyo, ndipo wotsekula m'mimbayo muzimumwetsa ORS, madzi a mchere ndi shuga obwezera madzi m'thupi, m'njira monse. Ndi bwino kukhala ndi nambala ya mnansi mmodzi wa galimoto amene munagwirizana naye kale za maulendo a usiku, kuti musayambe kukambirana mtengo wodwala ali chigonere.

Lembetsani ku NHIMA, ndipo tsimikizani kuti mwalembedwadi

Mu 2018 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la inshulansi ya zaumoyo ya dziko lonse, ndipo bungwe loyendetsa thumba limeneli ndi limene timalitchula kuti NHIMA. Zopereka zinayamba kudulidwa mu Okutobala 2019, ndipo mamembala anayamba kulandira chithandizo mu Febuluwale 2020. Kwa munthu wa pa ntchito, wantchito amapereka 1 peresenti ya malipiro ake ndipo womulemba ntchito amawonjezera 1 peresenti ina. Kunena kwina, ngati malipiro anu enieni ndi K4,000, inu mumadulidwa K40 pamwezi ndipo abwana anu amaikapo K40.

Apa m'pamene anthu ambiri amapunthwa. Kuona mzere wa NHIMA pa pepala la malipiro sikutanthauza kuti ndalamayo inafika ku thumba, ndiponso sikutanthauza kuti akazi anu ndi ana anu alembedwa. Tengani NRC yanu, pitani ku ofesi ya NHIMA kapena pa tebulo lawo m'chipatala chovomerezeka, kapena lowani pa intaneti, mufunse nambala yanu ya umembala ndi mwezi womaliza umene zopereka zanu zinalowa. Mukapeza kuti pali miyezi yosoweka, bwererani kwa amene amakonza malipiro ku ntchito kwanu ndi mapepala anu m'manja, chifukwa ndalama imene inadulidwa kwa inu si ya kampani. Kenaka lembetsani mkazi kapena mwamuna wanu ndi ana osakwana zaka 18, mutatenga NRC ya mnzanuyo ndi zikalata za kubadwa kapena makhadi a kusikelo a anawo. Ntchito imeneyi ichitike tsiku limene aliyense ali bwino. Kuichita mwana ali pa bedi ndi kudzizunza, ndipo nthawi zambiri kumakhala kuchedwa.

Ngati mumadzilemba nokha ntchito, monga wogulitsa pa msika, telala, kalipentala, woyendetsa takisi kapena mwini saluni, lamulo silinakusiyeni kunja. Mumalembetsa nokha, mumanena ndalama imene mumapeza, ndipo chopereka chanu cha pamwezi chimawerengedwa kuchokera pamenepo. Polembetsa funsani zinthu ziwiri ndipo mayankho ake muwalembe: tsiku limene mudzayambe kulandira chithandizo, ndi zimene zimachitika mukadumphitsa mwezi. Vuto la anthu a pa msika si kulembetsa ayi, koma kupitiriza kupereka m'miyezi imene malonda agwa, monga Janyuwale pamene ndalama zonse zathera ku mayunifolomu ndi mabuku. Njira imene ndaona ikugwira ntchito ndi kulowetsa nkhaniyi m'chilimba. Gulu ligwirizane kuti pa tsiku losonkha, ndalama ya NHIMA ya membala aliyense iyambe yatumizidwa pa foni onse akuona, kenaka zotsalazo zipite kwa amene akulandira mwezi umenewo. Msungichuma asunge mauthenga otsimikizira malipiro.

Lamulo lomweli linapatula anthu ena kuti asapereke chopereka: okalamba a zaka zoposa 65, olumala amene sangathe kugwira ntchito, ndi osaukitsitsa amene unduna woona za chitukuko cha m'madera ndi chisamaliro cha anthu wawazindikira. Kupatulidwa sikutanthauza kuti dzina limalowa lokha m'kaundula. Aperekezeni agogo ndi NRC yawo, ndipo ngati m'dera lanu muli banja lolandira Social Cash Transfer, lithandizeni kukafunsa ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ngati dzina lawo linatumizidwa ku NHIMA. Anthu amenewa ndi amene lamulo linawaganizira kwambiri, koma ndi omwenso sadziwa khomo loti agogode.

Ndili ndi mawu apadera kwa inu amene muli ndi wantchito wa m'nyumba, wa m'dimba kapena mlonda wa pageti. Mayi amene amalera ana anu kuyambira m'mawa mpaka madzulo nayenso ali ndi ana amene amadwala, ndipo iye akadwala malipiro ake sakwanira ngakhale kuyezetsa magazi ku chipatala cholipira. Mulembetseni, ndipo gawo lanu mupereke mokhulupirika. Ndalama yake ndi yochepa kuposa imene banja limawononga pa mayunitsi a foni sabata imodzi, ndipo sichifundo chimene mukumuchitira, ndi mangawa anu.

Pogwiritsa ntchito inshulansiyi, yambani mwafunsa ngati chipatala, labu kapena famase imene mukupitako ikulandirabe NHIMA, chifukwa mndandanda wa malo ovomerezeka umasintha, ndipo malo ena olipira amaimitsa kulandira mamembala akachedwa kulipidwa. Dokotala akakulemberani mankhwala amene pa chipatalapo palibe, musathamangire kukagula ndi ndalama zanu musanafunse pa tebulo la NHIMA ngati mungakawatenge ku famase yovomerezeka. Funsaninso ngati kuyeza kumene akufuna kukuchitani kumafuna chilolezo choyamba, kuti musadzakanidwe mutafika kale pa makina.

Mmene mungayankhire amene akuti ndalama yake ikungopita pachabe

Mukayamba kulimbikitsa ena, mudzakumana ndi munthu wonena kuti wakhala akudulidwa zaka zambiri koma sanadwalepo, choncho ndalama yake ikudyedwa ndi anthu ena. Musakangane naye ndi mawu a m'mabuku. Mukumbutseni za maliro. M'komboni mukagwa maliro, mbale imayenda nyumba ndi nyumba, mpingo umasonkha, anzake a ku ntchito amagula bokosi, amayi amagona pa nyumba ya siwa masiku atatu akuphika, ndipo palibe amene amafunsa kuti, "Ine kwathu sikunagwe maliro chaka chino, ndalama yanga ibwerera liti?" Tonse timadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chimene chimandipweteka n'chakuti nthawi zambiri ndalama imene imasonkhedwa pa maliro imaposa imene ikanagula mankhwala munthuyo ali moyo. Tili ndi mwambo wolimba wothandizana poika munthu m'manda, koma wothandizana kuti asafe msanga ndi wofooka. Inshulansi ya dziko lonse ndi mbale yomwe ija, kungoti ikuyenda munthu akadali kupuma, ndipo imagwira ntchito pokhapokha athanzi akamaponyamo pamodzi ndi odwala, achinyamata pamodzi ndi okalamba, olemera pamodzi ndi osauka.

Pali chifukwa china chimene chithandizo cha chipatala sichingafanane ndi katundu wa pa msika. Wogula nsapato angathe kuyerekeza mitengo, kunenerera, kapena kusiya osagula. Mayi amene mwana wapingasa m'mimba sangachite chilichonse mwa zimenezi. Sanasankhe vutolo, sadziwa mtengo wake, ndipo sangadikire kuti mwezi uthe. Mwana wobadwira ku Misisi sanalakwe kanthu kuti moyo wake ukhale wotsika mtengo poyerekeza ndi wa mwana wobadwira ku Kabulonga. Ndiponso matenda sathera pa wodwala yekha. Banja likagulitsa firiji ya malonda, mashini osokera kapena puloti kuti lilipire chipatala, limakhala lagulitsa chimene chimadyetsa ana, ndipo umphawi umenewo umatsala ngakhale wodwalayo atachira.

Amene akuganiza kuti mpanda wa nyumba yake ungamuteteze akumbukire kolera imene inayamba mu Okutobala 2023. Pofika mu Janyuwale 2024 bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa malo ogonekamo odwala, masukulu anachedwa kutsegulidwa mpaka mu Febuluwale, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 20,000 anadwala, pafupifupi 700 n'kumwalira, ambiri mwa iwo a mu Lusaka muno. Matendawa anakula m'madera a zitsime zosaya ndi zimbudzi zosefukira, koma anthu a m'madera amenewo ndi omwe amaphika, kulera ana ndi kugulitsa ndiwo mu mzinda wonse. Chimodzimodzi TB: munthu mmodzi wosachizidwa amatsokomola m'minibasi imene tonse timakwera.

Mudzamvanso dandaulo lina lolemera kwambiri, ndipo limeneli musalipeputse. Anthu adzati ndalama za boma zimabedwa, mankhwala amasowa, mizere ndi yaitali, nanga tiwonjezerenji ndalama m'thumba lobooka? Dandauloli lili ndi maziko. Mu Meyi 2025 dziko la America linalengeza kuti lichepetsa thandizo lake la mankhwala ndi madola 50 miliyoni pachaka, ponena kuti mankhwala operekedwa kuti agawidwe mwaulere ankapezeka akugulitsidwa m'mafamase. Wakuba mankhwala a chipatala amaba moyo wa munthu, ndipo ayenera kulangidwa mosayang'ana udindo wake. Koma taonani amene amavutika tikanena kuti aliyense adzionere yekha. Wolemera adzapita ku chipatala cholipira, mwinanso ku India kapena ku Johannesburg, ndipo wotsala ndi kapepala m'manja ndi yemwe uja amene mankhwala ake anabedwa. Thumba likabooka timalisoka ndi kuyang'anira amene alinyamula.

Ndiyeneranso kunena poyera pamene NHIMA payokha ikuperewera. Inshulansi yodalira zodulidwa pa malipiro imayamba kufikira anthu a ntchito zolembedwa, pamene anthu ambiri ogwira ntchito m'Zambia alibe pepala la malipiro. Zotsatira zake n'zakuti m'chipatala chimodzi mungakhale mizere iwiri, wa okhala ndi khadi ndi wa opanda khadi, ndipo wachiwiriwo ndi wa anthu amene amadwala kwambiri. Chithandizo cha aliyense sichingakwaniritsidwe ndi zopereka zokha. Gawo la amene sangathe kupereka liyenera kuchokera ku misonkho, imene ndi iwonso amalipira nthawi iliyonse akagula sopo, mafuta a galimoto kapena mayunitsi. Maiko ena anachita zimenezi asanalemere. Thailand mu 2002 inafikitsa chithandizo kwa anthu amene analibe inshulansi iliyonse, pogwiritsa ntchito misonkho, wodwala n'kumalipira ma baht 30 okha, ndalama ya kumeneko. Britain inatsegula NHS, chithandizo cha boma cha munthu aliyense, mu Julaye 1948, patangopita zaka zitatu nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, chakudya chikugawidwabe mopimira. Ku Rwanda kuli inshulansi ya m'midzi imene boma limalipirira osaukitsitsa. Atsogoleri a maiko a mu Africa analonjeza ku Abuja mu Epulo 2001 kuti aziika 15 peresenti ya bajeti pa zaumoyo, ndipo m'zaka zaposachedwapa gawo la zaumoyo mu bajeti ya Zambia lakhala pansi pa mlingo umenewo. Maiko a mu United Nations, Zambia ili momwemo, anagwirizananso mu 2015 kuti pofika 2030 munthu aliyense azilandira chithandizo popanda kusaukitsidwa nacho. Choncho mukamapempha zimenezi mukungokumbutsa boma lonjezo limene linasainira lokha.

Kudandaula moyenera ndi kukankha kuti zinthu zisinthe

Mukakanidwa chithandizo, mukanyozedwa kapena mukapemphedwa ndalama yosadziwika, musayambe ndi kukalipira namwino amene ali patsogolo panu. Nthawi zambiri iye wakhala chiimire kuyambira usiku ndi odwala ochuluka kuposa mphamvu zake, ndipo si iye amene amagula mankhwala. Ngakhale boma linalemba ntchito anthu a zaumoyo oposa 11,000 mu 2022, mizere ya m'makomboni ikuonetsa kuti akufunikabe ena. Pemphani kuonana ndi mkulu wa pa kiliniki kapena sisitala woyang'anira wodi, ndipo fotokozani modekha tsiku, nthawi, chimene munapempha ndi chimene munayankhidwa. Zikakanika pamenepo, lembani kalata ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Lusaka, musunge kope lake. Nkhani yokhudza khalidwe la dokotala kapena chipatala cholipira imapita ku Health Professions Council of Zambia, ya anamwino ndi azamba ku Nursing and Midwifery Council of Zambia, ya mankhwala okayikitsa kapena famase yopanda chilolezo ku bungwe loyang'anira mankhwala la ZAMRA, ndipo ya kukanidwa monga membala wa inshulansi ku NHIMA komweko. Dandaulo lolembedwa, lokhala ndi masiku ndi mapepala, limavuta kulinyalanyaza kusiyana ndi mkwiyo wa pa Facebook, ndiponso siliika poyera matenda a wachibale wanu popanda chilolezo chake.

Ndi bwino kudziwa kuti ufulu wa chithandizo cha chipatala sunalembedwe m'gawo la maufulu a anthu la malamulo aakulu a dziko lino. Pa 11 Ogasiti 2016, tsiku lomwelo la chisankho chachikulu, panali riferendamu yofuna kuwonjezera maufulu, kuphatikizapo wa chithandizo cha zaumoyo, koma mavoti ovomereza sanafike pa mlingo umene lamulo limafuna. Ambiri tinaponya voti ya pulezidenti osamvetsa bwino funso la pa pepala linalo. Nkhani yokonzanso malamulo ikadzabweranso, funsani phungu wanu wa ku Nyumba ya Malamulo maganizo ake pa ufulu umenewu, ndipo yankho lake mulikumbukire.

Pakadali pano malo apafupi oyambira ndi komiti ya zaumoyo ya m'dera lanu, imene pa kiliniki amaitchula kuti NHC. Funsani mkulu wa pa kiliniki kuti wapampando wake ndani ndipo amakumana liti. Komiti imeneyi ndi imene imanyamula mawu a anthu kupita nawo kwa oyendetsa kiliniki, koma m'madera ambiri imatsala ndi anthu ochepa odzipereka amene atopa. Palinso komiti ya chitukuko ya wodi, kumene kumayambira mapempho a ndalama za chitukuko cha dera la phungu (CDF), zimene mu 2022 zinakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense. Ndalama zimenezi zingamange chipinda cha amayi oyembekezera, thanki ya madzi pa kiliniki kapena zimbudzi za pa msika, ngati anthu apempha molemba ndi kulondola pempho lawo.

Popita ku msonkhano woyamba musapite ndi mawu akuti "mankhwala kulibe" okha, chifukwa aliyense amawadziwa ndipo sasuntha munthu. Kwa mwezi umodzi, gwirizanani ndi anzanu a mu mpingo kapena a m'chilimba kuti aliyense wobwerako ku kiliniki ndi kapepala alembe m'kope limodzi tsiku, dzina la mankhwala amene anasowa, ndalama imene anagulira ku famase, kapena ngati sanagule n'komwe. Mayina a odwala musalembe. Patsamba lina lembani chiwerengero cha okalamba ndi olumala a mu msewu wanu amene sanalembetsedwe ku NHIMA. Kopelo mukaliwerenge pamaso pa komiti ndi khansala, mupemphe kuti zimene mwanena zilowe m'maminitsi, ndipo musanabalalike mugwirizane tsiku limene mudzabwerenso kudzamva yankho.